Kalata kwa Nduna ya Zaumoyo: Mtima Ukudikira, Impso Zikufa

Olemekezeka Anduna,

Mukudziwa kale kuti ana ambiri m'dziko muno akuwonongeka mtima chifukwa cha zilonda zapakhosi zomwe sizinachizidwe. Zilondazo zimapola, koma patapita zaka valavu ya mitral imauma n'kuchepa, magazi osadutsanso bwino. Mtsikana wa zaka 19 amayamba phuma pokwera kachitunda, miyendo n'kutupa. Dokotala amalemba kalata yoti akathandizidwe ku India, kenako kudikira kumayamba.

Nkhani yanga yagona pa kudikirako. Mtima ukafooka, impso sizilandira magazi okwanira, madzi amadzadza m'thupi, ndipo mankhwala okodzetsa omwe amapatsa wodwala mpumulo nawonso amalemetsa impso. Mwezi uliwonse umene dzina lakhala pamndandanda wa odikira, creatinine, chizindikiro cha kufooka kwa impso, amakwera. Tsiku limene ndalama zakunja zapezeka, munthu uja amakhala atafooka moti opaleshoni yomwe ikanamupulumutsa yasanduka yoopsa. Ndani amawerengera anthu amenewa, bwana? Amalembedwa kuti anafa ndi impso, pomwe chinawapha ndi mzere.

Chondipweteka n'chakuti njira ilipo, ndipo si yachilendo. Dokotala wa ku Japan, Kanji Inoue, anafotokoza mu 1984 za kutsegula valavu yothinayi ndi kachibaluni kolowetsedwa mumtsempha wapamphechepeche, osang'amba chifuwa. Mu 2002 Alain Cribier ku Rouen anaika valavu ya aorta kudzera mumtsempha. Wodwala woyenera njira ya chibaluniyi amatuluka m'chipatala patangopita masiku ochepa, osalumikizidwa ku makina ogwira ntchito m'malo mwa mtima ndi mapapo, omwe amavulaza impso zofooka. Padutsa zaka zoposa 40 chiyambire 1984. Mu 2001 ku Abuja maboma a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Mu Meyi 2018 mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana zolimbana ndi matenda a mtima amenewa. Ife tikulongedzabe ana athu mundege, iwo amene afikako amoyo.

Za impso ndinenenji? Kwa zaka zambiri makina a boma otsuka magazi anali ku Kamuzu Central ndi ku Queens kokha, munthu wa ku Chitipa n'kumasiya munda ndi ana kuti akakhale pafupi ndi makina.

Tiuzeni poyera kuti pamndandanda wopita kunja pali anthu angati, ndipo angati amwalira akudikira. Aliyense wa iwo aziyezedwa impso pafupipafupi. Jakisoni wa benzathine penicillin, wobaya kamodzi pamwezi poteteza mtima kuti usapitirire kuwonongeka, asamasowe ngakhale pachipatala chaching'ono chakumudzi. Phunzitsani madokotala athu njira ya chibaluniyi, muwagulire zida, ntchitoyi izichitika konkuno m'zipatala za boma. Tatopa ndi kuuza makolo kuti apirire pang'ono pomwe mwana akugona chokhala, mkodzo ukucheperachepera.

Ndine nzika yodandaula.