Madzi Si Galasi: Kujambula Chithunzithunzi cha M'madzi pa Kompyuta

Msodzi wa ku Nkhata Bay akaonetsedwa chithunzi cha bwato chojambulidwa pa kompyuta, sachedwa kudziwa ngati wojambulayo anafikako kunyanja. Maso ake amathamangira pansi pa bwatolo, pomwe chithunzithunzi chake chagwera m'madzi. Apa ndi pomwe achinyamata ambiri ophunzira luso lojambula pa kompyuta ndi pa foni amapunthwa.

Vutoli limayamba ndi kuphweka kwa ntchito. Pulogalamu ya Photoshop, yomwe inatuluka mu 1990, pamodzi ndi zaulere monga GIMP ndi Krita, zimalola wojambula kukopera bwato, kulitembenuza chadodolido ndi kulimata pansi pa linzake m'kamphindi. Chotsatira chake ndi bwato lokhazikidwa pagalasi. Madzi ali ndi malamulo awoawo, ndipo anayi mwa iwo ndi ofunika kwambiri.

Loyamba linafotokozedwa ndi katswiri wa sayansi wa ku France, Augustin Fresnel, m'zaka za m'ma 1820. Kuwala kukagwera pamadzi molunjika kuchokera pamwamba, madziwo amabweza pafupifupi magawo 2 okha mwa magawo 100 alionse. Koma kukagwera mopendekeka kwambiri, amabweza pafupifupi konse. N'chifukwa chake munthu woimirira pagombe akayang'ana kumapazi ake amaona mchenga ndi tinsomba, koma akakweza maso amaona mitambo ndi mapiri pamadzi. Choncho layer ya chithunzithunzi iyenera kukhala yowala bwino chakutali ndi kuzilala pang'onopang'ono poyandikira woonera.

Lachiwiri n'lakuti madzi amaona zinthu kuchokera pansi. Munthu woima pamtunda amaona nsomba ndi maukonde zili m'bwato, pomwe m'madzi mumaoneka mimba ya bwatolo. Mlatho umaonetsa kunsi kwake. Mtengo womera m'mphepete mwa madzi umaoneka wathunthu, koma wokhala patali ndi gombe umangooneka nsonga, mwinanso osaoneka n'komwe. Wojambula wotembenuza malo onse nthawi imodzi amaika m'madzi zinthu zomwe madziwo sangazione. Njira yabwino ndi kujambula chithunzithunzi cha chinthu chilichonse pachokha, kuyeza kuyambira pomwe chinthucho chikukhudza madzi.

Lachitatu likukhudza mafunde. Kafunde kalikonse kali ngati kagalasi kopendekeka, ndipo timagalasi tambirimbiri totere timatalikitsa chithunzithunzi molunjika kwa woonera ndi kuchidula m'mizere yopingasa. Umboni wake ndi nyali za asodzi a usipa usiku: nyali ndi kadontho chabe, koma pamadzi imasanduka mzere wautali wonjenjemera. Mizere yopingasayo imakhala yokhuthala ndi yotalikirana pafupi, yopyapyala ndi yothinana patali. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira, chithunzithunzi chimasweratu, pamangotsala mtundu wa thambo. Chithunzi choonetsa mitengo yowerama ndi mphepo pamwamba pa madzi abata chimadzitsutsa chokha.

Lachinayi ndi la mitundu. Chinthu choyera chimaoneka chodera pang'ono m'madzi, pomwe chakuda chimaoneka choyererako. Madzi amawonjezanso mtundu wawo. Nyanja ya Malawi m'chilimwe ndi yosiyana ndi mtsinje wa Shire m'dzinja, pomwe matope amafiiritsa madzi, amazilalitsa chithunzithunzi ndi kuonetsa bwino mthunzi wa zinthu pamwamba pake.

Nkhaniyi siithera pa kukongola kokha. Zithunzi zambiri za m'mabuku a sukulu ndi zikwangwani za uthenga wa zaumoyo masiku ano zimajambulidwa pa kompyuta, ndipo kwa munthu wosadziwa kuwerenga, chithunzicho ndiye uthenga wonse. Chikwangwani chochenjeza za likodzo kapena kolera chikaonetsa dziwe lonyezimira ngati galasi, mayi wa kumudzi amaona madzi abwino, ndipo salizindikira ngati dziwe lomwe ana ake amasambamo. Chimodzimodzi, bwato lopanda kamzere kakuda pomwe likukhudza madzi limaoneka ngati likuyandama m'malere, ndipo anthu akayamba kuseka chithunzi, uthenga wake umatayika.

Amisiri akale adakali ndi chophunzitsa. Mu 1872, Claude Monet anajambula kutuluka kwa dzuwa padoko la Le Havre, ndipo kuwala kwa dzuwalo pamadzi anakuonetsa ndi timizere tochepa, tatifupi, topingasa. Pambuyo pake anajambula dziwe la kunyumba kwake ku Giverny pazithunzi pafupifupi 250, mpaka imfa yake mu 1926. Dziwelo linali limodzi, koma silinkaoneka chimodzimodzi m'mawa ndi madzulo.

Wophunzira wa lero ali ndi mwayi womwe Monet analibe: akhoza kufufuta ndi kuyesanso kambirimbiri popanda kuwononga utoto kapena nsalu. Chomwe pulogalamu singam'patse ndi diso lozolowera madzi. Safunikanso kukhala kunyanja kuti alipeze. Chithaphwi cha mumsewu mvula ikakata, beseni la madzi pabwalo kapena damu la kumudzi n'zokwanira, bola akhale pansi, aponyemo kamwala ndi kuona momwe chithunzithunzi chikuswekera ndi kubwereranso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wojambula madzi ayambe wakhala pagombe asanayatse kompyuta.