Laputopu ikayamba kuwefuka, musathamangire kusitolo

Semesita yathayi mnzanga wa m'chipinda anachita zimene ambiri a ife timangozilakalaka. Anasunga ndalama za maganyu a pa holide, n'kuphatikiza ndi zimene amalume ake anamutumizira, ndipo anaitanitsa graphics card kuchokera ku Johannesburg kudzera mwa msuweni wake. Laputopu yake ndi yamagemu, yakale ndithu, yolemera moti ukainyamula phewa limadziwa. Anaigula kwa munthu wina itagwira kale ntchito. Munali khadi la GTX 970M, ndipo iye anaikitsamo la GTX 1070. Ndalama zimene zinapita pamenepo zikanatha kudula gawo lalikulu la fizi.

Tsiku loyamba tinadzaza chipinda kudzaonerera. Kwa mphindi khumi zonse zinayenda ngati madzi. Kenaka mafani anayamba kulira ngati chigayo, zithunzi n'kuyamba kudodoma, ndipo pofika mphindi 20 gemu ija inkayenda moipa kuposa mmene inkayendera ndi khadi lakale. Mawa lake vidiyo imene ankakonzera kalasi inachitanso chimodzimodzi: inayamba mwaliwiro, n'kuthera pokwawa. Mnzangayo anagamula msanga kuti wagulitsidwa khadi lachinyengo, ndipo anayamba kale kufunsa mtengo wa lina.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa ndikuona kuti chigamulo chotere, chimene ambiri timachifikira mofulumira, n'cholakwika ndiponso n'chodula. Maganizo anga ndi akuti wophunzira asagule chipangizo chilichonse chowonjezera mphamvu ya laputopu asanayeze n'kudziwa chimene chikuibweza m'mbuyo. Ndipo laputopu ikamadzichepetsera liwiro, si mdani wathu. Ikutiuza zoona zimene wogulitsa sanatiuze.

Zimene zinachitikira mnzangazi akatswiri amazitcha throttling. Khadi kapena purosesa ikafika pa malire amene anaikidwiratu, imadzitsitsa yokha liwiro kuti isapse. Malirewo ndi awiri makamaka: kutentha ndi magetsi. Mapurosesa ambiri a Intel a m'malaputopu amayamba kudziletsa akamayandikira madigiri 100, ndipo makadi ambiri a Nvidia a masiku ano a m'malaputopu amatero akafika cha m'ma 87. Kumbali ya magetsi, khadi lililonse lili ndi mlingo wa mawati amene limaloledwa kukoka, ndipo laputopu yonse singakoke oposa amene tchaja ndi mawaya ake am'kati angapereke. Mu kompyuta ya patebulo muli malo okwanira mafani akuluakulu ndi bokosi la magetsi losinthika. Mu laputopu zonse zinapimidwa pamodzi ngati suti yosokedwa pa thupi la munthu mmodzi: khadi, purosesa, timapaipi ta mkuwa tochotsa kutentha, mafani ndi tchaja. Ukasintha chimodzi, zinazo sizikula nacho.

Tisanaitanitse khadi lina, tinagwirizana zoti tiyambe tayeza. Mapulogalamu ake ndi aulere. GPU-Z ili ndi mzere wotchedwa PerfCap Reason umene umanena mosabisa chimene chikuletsa khadi kuthamanga: ukalemba Thrm ndiye kuti ndi kutentha, ukalemba Pwr ndiye kuti ndi magetsi. HWiNFO imaonetsa kutentha ndi liwiro la purosesa pamodzi ndi mmene batire likuchitira. Tinatsegula mapulogalamu awiriwa, tinayambitsa gemu, n'kukhala pansi kuyang'ana manambala. Pasanathe mphindi khumi kutentha kwa khadi kunadutsa madigiri 90, mawu akuti Thrm anawonekera, ndipo liwiro linagwa nthawi yomweyo. Khadi linali lenileni. Linkangopsa.

Titapita nayo kwa wokonza wina n'kuitsegula, tinapeza zinthu zitatu. Choyamba, pa timapepala tachitsulo pamene mpweya umatulukira panali fumbi logwirana ngati bulangete. Aliyense wodziwa fumbi la mwezi wa Seputembala ndi Okutobala kuno sangadabwe. Chachiwiri, chitsulo choziziritsa chotchedwa heatsink chinapangidwira khadi lakale, ndipo tizipangizo ta pa khadi latsopano sitinakhale pamalo ofanana ndendende. Amene anaika khadiyo anatseka mipatayo ndi timapadi tokhuthala kwambiri, moti tinkanyamula chitsulocho kuti chisagunde bwino pamtima pa khadi. Chachitatu, phala lotchedwa thermal paste, limene limapakidwa pakati pa khadi ndi chitsulocho, linali lochepa ndiponso louma. Mpata woonda kuposa pepala ndi wokwanira kuti kutentha kukanike kudutsa. Wokonzayo anapukuta fumbi, anaika timapadi toyenera, n'kupaka phala latsopano. Zonsezi zinadya ndalama zochepa zedi poyerekeza ndi mtengo wa khadi.

Kutentha kunatsika, koma vuto silinathe, ndipo apa m'pamene ndinaphunzira zambiri. Tsopano gemu inkadodoma mwa apo ndi apo, ndipo HWiNFO inkaonetsa purosesa ikugwa mwadzidzidzi kufika pa 800 MHz ngakhale kuti sinali yotentha. Chinanso, batire linkatsika laputopu ili pamagetsi. Yankho linali pansi pa tebulo. Tchaja yake inali ya mawati 180, yogula pamsika, ndipo sitikudziwa ngati inkafikadi pa 180 polembedwapo. Khadi lakale silinkafika n'komwe pa mawati 100, pamene GTX 1070 ya m'laputopu imafuna pafupifupi 115. Mukawonjezerapo purosesa, sikirini, mafani ndi kutchaja batire, tchaja ija imapelewera. Malaputopu ambiri akaona kuti magetsi achepa amatumiza chizindikiro chotchedwa BD PROCHOT, chimene chimalamula purosesa kutsika ngati kuti yatentha. Tinabwereka tchaja ya mawati 230 ya mtundu womwewo, ndipo kudodoma kuja kunatha.

Pa intaneti mupezapo malangizo akuti mutsegule pulogalamu ya ThrottleStop n'kuzimitsa BD PROCHOT, basi vuto latha. N'zoona kuti liwiro limabwerera. Koma ine sindingalangize mnzanga kutero asanadziwe chimene chikutumiza chizindikirocho. Nthawi zina chimachokera ku kachipangizo koyezera kamene kawonongeka, ndipo pamenepo kuzimitsa n'komveka. Koma ngati tchaja ikupelewera zenizeni, kuzimitsa chizindikirocho kuli ngati kumanga fyuzi ndi waya: nyali ziyaka lero, koma tsiku limene chinachake chidzapse simudzakhala ndi chokutetezani. Laputopu ya wophunzira mumakhala ntchito za semesita yonse. Si chinthu chochitira juga pofuna kuti gemu isalale.

Pali china chimene sitinathe kukonza. M'magemu ena atsopano khadi limagwira ntchito mosafika pa mphamvu zake zonse chifukwa likudikira purosesa, imene ndi ya m'badwo wa khadi lakale lija. GPU-Z imaonetsa khadi likupuma pamene purosesa yadzaza. Apa palibe phala kapena tchaja imene ingathandize. Mnzangayo analipira khadi lathunthu, koma laputopu yake imatha kugwiritsa ntchito gawo chabe la zimene analipira. Akanayeza asanagule, akanaona zimenezi, ndipo mwina akanasankha mosiyana.

Tiyeneranso kunena kuti mnzangayu anali ndi mwayi umene ambiri alibe. Laputopu yake ndi ya m'gulu lochepa limene khadi limazuka, chifukwa linapangidwa pa muyezo wa MXM umene Nvidia inayambitsa mu 2004. M'malaputopu ochuluka amene tili nawo pa sukulu pano, ngakhale amagemu, khadi linawotchereredwa pa bolodi lalikulu ndipo silisinthika. Wina akakulonjezani kuti akusinthirani graphics card mu laputopu yopyapyala, mufunseni kuti akuonetseni pamene khadilo limazukira. Ngakhale makampani aakulu zinawavuta. Mu 2019 Dell inatulutsa Alienware Area-51m n'kuitsatsa ngati laputopu yosinthika zam'kati, koma makadi ndi mapurosesa a m'badwo wotsatira atatuluka, eni ake a mtundu woyambawo sanathe kuwaikamo, ndipo mu 2021 nkhaniyo inafika kukhoti ku California. Kampani ya Framework ikuyesa njira ina ndi laputopu yake ya Framework Laptop 16, imene khadi limatuluka kumbuyo pamodzi ndi zoziziritsira zake. Taonani kuti iwo sasintha khadi lokha. Amasintha khadi ndi zochotsa kutentha nthawi imodzi, chifukwa akudziwa kuti ziwirizi sizisiyana.

Dzina la khadi nalonso limanyenga. RTX 3060 ya m'laputopu ikhoza kuikidwa kuti izikoka mawati 60 okha, pamene mu laputopu ina khadi la dzina lomwelo limakoka 115. Pa sitika palembedwa zofanana, koma liwiro n'losiyana kwambiri. Kusokonekeraku kunakula moti mu 2021 Nvidia inayamba kuuza opanga malaputopu kuti azilemba poyera mawati a khadi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukamagula laputopu yakale kwa munthu, musakhutire ndi dzina. Funsani mawati, onani tchaja ngati ndi yake yeniyeni, ndipo pemphani kuti muiyendetse ndi ntchito yolemera kwa mphindi 20 muli pomwepo. Laputopu iliyonse imathamanga ikadali yozizira. Khalidwe lake limaoneka ikatentha.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Laputopu yatsopano yamphamvu ndi ndalama zimene wophunzira sangazione n'kutulo komwe, ndiye kusintha chipangizo chimodzi ndiyo njira ya munthu wosauka. Ndikuvomereza, ndipo sindikunena kuti tisamawonjezere mphamvu za makina athu. Koma amene ndalama zake n'zochepa ndi amenenso sayenera kuphonya. Wolemera akagula khadi lolakwika amangogula lina. Ife tikaphonya, ndiye kuti mwezi umenewo tidya nsima ya ndiwo zamasamba mpaka kumapeto, ndipo makolo kumudzi afunsa kumene ndalama zinapita. Ena anganenenso kuti zoyezayezazi n'za akatswiri a makompyuta. Ine ndikuphunzira zauphunzitsi, ndipo ndisanakhale m'chipinda chimodzi ndi mnzangayu sindinkadziwa n'komwe kuti MHz n'chiyani. Kuwerenga mawu akuti Thrm ndi Pwr sikufuna digiri. Kumafuna kudekha kwa theka la ola.

Ndipo kawirikawiri chimene chikufunika chimakhala chotsika mtengo. Laputopu isaikidwe pa bedi kapena pa bulangete, chifukwa mpweya umalowera pansi. Kuikweza kumbuyo ndi kabuku kokha kumathandiza. Fumbi lizichotsedwa, makamaka nyengo yotentha isanafike, popeza mpweya wa m'chipinda ukatentha ndi madigiri angapo, zam'kati nazonso zimakwera chimodzimodzi. Magetsi akazima musayembekezere liwiro lonse, pakuti malaputopu amagemu amadzichepetsa dala akakhala pa batire. Onetsetsani kuti Windows sinaikidwe pa dongosolo losunga magetsi, komanso kuti gemu ikugwiritsadi ntchito khadi lalikulu osati kakhadi kakang'ono ka m'purosesa. Mukasintha khadi, chotsani madalaivala akale ndi pulogalamu ya Display Driver Uninstaller musanaike atsopano. Ngati muli ndi RAM imodzi yokha pamene malo alipo awiri, kuwonjezera yachiwiri yofanana nayo kumathandiza magemu ambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Ndipo kuika malire a zithunzi pa 60 pa sekondi kumachepetsa kutentha, n'kupereka gemu yoyenda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, m'malo mwa liwiro la mphindi khumi lotsatiridwa ndi kukwawa.

M'kalasi mwathu amatiphunzitsa kuti mwana akamatsalira, mphunzitsi asathamangire kumuwonjezera ntchito kapena kumutchula waulesi. Ayambe wafufuza: mwina saona bwino pa bolodi, mwina amabwera osadya, mwina anaphonya phunziro limene ena onse akumangirapo. Ndinadabwa kuona kuti pamaso pa laputopu tonse tinaiwala phunziro limeneli. Tinaona kuchedwa, tinagamula za chinyengo, ndipo tinatsala pang'ono kutaya ndalama kachiwiri pa chinthu chimene sichinalakwe.

Mnzangayo pano akusunga ndalama za tchaja yakeyake ya mawati 230, ndipo yobwereka ija mwini wake akuifuna Lachisanu. Khadi lija likugwira ntchito, mavidiyo ake akutha msanga, ngakhale kuti si monga ankalotera. Pempho langa kwa inu anzanga ndi ili: musanatumize ndalama kwa msuweni wanu ku Joni kapena kwa wogulitsa wa pa Facebook, tsegulani GPU-Z ndi HWiNFO, yendetsani ntchito imene imakuvutaniyo kwa mphindi 20, ndipo lembani manambala papepala. Mukapita nawo kwa wokonza, mudzalankhula naye ngati munthu wodziwa chimene akufuna. Mwina mudzapezadi kuti mukufunika khadi latsopano. Koma mwinanso mudzapeza kuti mumangofunika kabulashi ndi phala la ndalama zochepa.