Hobbema sanagulitse luso lake

Olemba mbiri ya zojambulajambula akafika pa Meindert Hobbema amakonda kupukusa mutu ndi chaka cha 1668. M'chaka chimenecho bambo wa ku Amsterdam ameneyu anakwatira Eeltje Vinck, yemwe ankagwira ntchito ya kukhitchini kwa meya wa mzindawo, ndipo analembedwa ntchito yoyeza migolo ya vinyo wolowa mumzinda kuti msonkho wake udziwike. Kuchokera pamenepo zithunzi zake zinachepa kwambiri. Ambiri amati anasinthanitsa luso ndi malipiro. Ine mlandu umenewu ndimaukana.

Kumbukirani kumene anachokera. Anabadwa mu 1638, mwana wa kalipentala, ndipo pofika zaka 15 n'kuti akukhala kunyumba yosungirako ana amasiye. Kujambula anaphunzira kwa Jacob van Ruisdael, katswiri amene anadzakhalanso mboni pa ukwati wake. Munthu amene walawa umasiye sangakankhe ntchito ya malipiro okhazikika tsiku limene akumanga banja. Patangopita zaka zinayi, mu 1672, France ndi England anathira nkhondo dziko la Netherlands, chuma chinagwa, ogula zithunzi n'kusowa. Wojambula mnzake Johannes Vermeer, amene lero dziko lonse limamugwadira, anamwalira mu 1675 ali m'ngongole mpaka m'khosi.

Ruisdael ankakonda mitambo yolemera, mathithi olusa ndi mitengo yothyoka. Wophunzira wake anatenga nkhalango zomwezo n'kuzilowetsera dzuwa. Mwa Hobbema mumapezeka tinjira tokhotakhota, kuwala kogwera pansi apa ndi apo pakati pa mithunzi, nyumba za alimi zobisala m'mitengo, komanso zigayo zoyendera madzi zimene ankazijambula mobwerezabwereza. Ena amati kubwerezako n'kusowa maganizo atsopano. Kwa ine n'chizindikiro cha munthu amene malo amodzi ankamukwanira, chifukwa ankawayang'anitsitsa.

Umboni wanga waukulu ndi chithunzi cha msewu wopita ku Middelharnis, mudzi wa pachilumba cha kumwera chakumadzulo kwa dzikolo. Anachijambula mu 1689, atatha zaka 21 akuyeza vinyo, ndipo sichifanana ndi chilichonse chimene anapanga ali mnyamata. Nkhalango mulibe. Msewu wamatope wangoti tambalala kuchokera pamene waima woonerayo, ndipo mbali zonse ziwiri kwandandalika mitengo yowonda, yaitali, yosadzidwa mpaka kutsala kansonga ka masamba pamwamba. Diso limakokedwa kulowa mkati lisanafunsidwe. Pamsewupo pakubwera mlenje ndi mfuti paphewa, galu wake pambali. Kumanja munthu akudulira timitengo m'munda. Chapatali pakuoneka nsanja ya tchalitchi ndi milongoti ya zombo, ndipo gawo lalikulu la chithunzicho ndi thambo basi.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti dziko limene lili pamenepa ndi lopangidwa ndi manja. Ngalande za m'mbali mwa msewu anakumba ndi anthu, mitengo anabzala ndi anthu, mtunda womwewo anachita kulanda kwa madzi. Hobbema sanabise zimenezi kuti malowo aoneke ngati tchire losakhudzidwa. Anaona kukongola m'ntchito yoyezedwa bwino, ndipo ndimakhulupirira kuti diso lotere linakula m'zaka zimene ankakhalira kuyeza. Akatswiri ataunika chithunzichi ndi makina anapeza kuti poyamba anaika mitengo ina iwiri kutsogolo kwenikweni, kenako n'kuifafaniza kuti thambo litseguke. Amene anataya luso sakhala ndi mtima wofufuta chinthu chabwino pofuna china choposa.

Malipiro aja sanamulemeretse. Mkazi wake anamwalira mu 1704, iye n'kutsatira mu 1709, ndipo onse awiri anaikidwa monga amphawi. Dzina lake linadzakwera patapita zaka zambiri, makamaka ku England, kumene olemera anayamba kulimbirana zithunzi zake. Cha Middelharnis chinalowa mu National Gallery ku London mu 1871. Kwa nthawi ndithu ena ankawerenga chaka cholembedwa pachithunzicho ngati 1669, zimene zikanachiika pafupi ndi masiku amene Hobbema anali asanazolowere migolo ya vinyo. Chaka chenicheni ndi 1689, ndipo n'kuti mwini wake atapitirira zaka 50.