Maukwati a nthawi ya Korona: kalata ilipo?

Abale a kuno kumapiri, sabata ino tikambe za maukwati aja anamangidwa mwakachetechete m'chaka cha 2020. Kuyambira pa 1 Epulo chaka chimenecho, Pulezidenti Filipe Nyusi atalengeza kuti dziko lili pangozi chifukwa cha Korona, matchalitchi anatsekedwa, misonkhano inaletsedwa, ndipo kuwoloka pa Calomue kupita ku Dedza kunavuta zedi. Nanga mnyamata wa ku Domwe wopeza mbeta tsidya lija akanatani? Ambiri anangoitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kupha nkhuku, n'kumaliza mwambo pakhonde. Ng'oma panalibe, perekaniperekani panalibe, ngongole panalibenso. Apa pokha ine ndinawomba m'manja.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti ena a iwo mpaka lero sanalembetse ukwatiwo. Ankati adzapita ku boma matenda akatha, matenda anatha, ana anabadwa, nkhani inaiwalika. Lamulo la banja la Mozambique, lomwe linakonzedwanso mu 2019, limalemekeza ukwati wamwambo ndi wa kutchalitchi, koma uyenera kulembedwa ku Registo Civil. Popanda kalata imeneyo, bambo akatisiya, mayi wochokera ku Malawi amavutika kutsimikiza kuti anali mkazi wake, achibale akayamba kuwerenga ng'ombe ndi munda wa kachewere.

Inu ankhoswe, ntchito yanu sinathere pankhuku paja. Tengani awiriwo, ndi ziphaso zawo, mupite nawo ku Ulongwe akafunse mapepala ofunika.