Kafukufuku wa zaumoyo wachuluka ku Mangochi, koma akatswiri a m'chipatala akadali m'mizinda

MANGOCHI: Maboma ndi ochepa m'dziko muno amene matenda ake afufuzidwa mozama ngati Mangochi. Kwa zaka zoposa 30, aphunzitsi ndi ophunzira a zaudotolo akhala akuyenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kuyeza amayi oyembekezera, ana ndi asodzi, ndipo zina mwa zomwe anapeza zinasintha ndondomeko za Unduna wa Zaumoyo.

Ntchitoyi inayamba sukulu ya madotolo isanakhazikitsidwe. Pakati pa 1987 ndi 1990, undunawu pamodzi ndi bungwe la ku America la CDC unachita kafukufuku wa malungo pakati pa amayi oyembekezera m'bomali, ndipo zinaoneka kuti chloroquine sankawatetezanso mokwanira. Umboni wotere ndiwo unathandiza kuti mu 1993 dziko la Malawi likhale loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba kugwiritsa ntchito SP, amene ambiri amamutchula kuti Fansidar. Mankhwala a LA anadzalowa m'malo mwake mu 2007.

Sukulu ya College of Medicine itatsegulidwa mu 1991, inasankha Mangochi kukhala malo ophunzitsirako zaumoyo wa m'madera. Chipatala chaching'ono cha Lungwena, kuvuma kwa nyanja, chinasanduka likulu la kafukufuku wa amayi ndi ana mogwirizana ndi yunivesite ya Tampere ya ku Finland. Mayina a Pulofesa Kenneth Maleta ndi Pulofesa Per Ashorn amadziwika kwambiri pa ntchitoyi. Kuyambira 2003 mpaka 2006, amayi 1,320 analowa m'kafukufuku amene anasonyeza kuti kumwa SP mwezi ndi mwezi, kuonjezerapo azithromycin, kunachepetsa chiwerengero cha ana obadwa masiku asanakwane.

Si zonse zinayenda monga ankayembekezera. Kafukufuku wa iLiNS, amene ankapereka chakudya choonjezera chofanana ndi chiponde kwa amayi oyembekezera ndi ana awo ku Lungwena, Malindi ndi pa chipatala cha boma, sanapeze kusintha kooneka pa msinkhu wa ana atakwana miyezi 18. Zotsatira zoterezi sizimveka m'misonkhano, komabe n'zofunika kwa okonza bajeti, chifukwa zikusonyeza kuti kupinimbira sikungathe ndi chakudya choonjezera chokha pamene malungo, kutsegula m'mimba ndi madzi osatetezeka zikadalipo. Chimodzimodzinso kafukufuku wa MORDOR, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018: kugawa azithromycin kwa ana kunachepetsa imfa ndi 18 peresenti ku Niger, koma ku Mangochi kusinthako kunali pafupifupi 6 peresenti yokha.

M'zaka zaposachedwapa chidwi chabwerera ku likodzo. Mu 2017 ofufuza a sukulu ya Liverpool School of Tropical Medicine ndi anzawo a m'dziko muno anapeza m'mbali mwa nyanja ku Mangochi nkhono za mtundu wa Biomphalaria, zimene zimafalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo ana asukulu anapezeka nalo. Kale dera limeneli linkadziwika ndi likodzo la m'chikhodzodzo. Dr Sekeleghe Kayuni anafufuzanso likodzo la ziwalo zoberekera pakati pa asodzi, vuto limene amuna ambiri salitchula kuchipatala.

Mndandanda umenewu ukuonetsa poyera kumene chidwi cha ofufuza chagona: malungo, kadyedwe, uchembere ndi likodzo. Onsewa ndi mavuto enieni a m'bomali. Koma n'zoonanso kuti ndi mitu imene mabungwe akunja amaperekera ndalama, ndipo wophunzira amene akufuna digiri yapamwamba amalondola kumene kuli thandizo ndi womuyang'anira. Matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a maganizo ndi ngozi zapamsewu sizinafufuzidwe kwa zaka zambiri chonchi, ngakhale odwala ake amafika pa chipatala cha boma tsiku ndi tsiku.

Vuto lachiwiri ndi la ukatswiri wa m'chipatala. Madotolo a opaleshoni, a ana, a amayi ndi a matenda a akuluakulu amaphunzira makamaka pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ambiri akamaliza amakhazikika m'zipatala zikuluzikulu. Boma la Mangochi, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, limatumiza odwala ovuta ku Zomba kapena ku Blantyre. Kwa wodwala wochokera ku Makanjira, ulendo wongofika pa boma ndi wautali kale.

Pofuna kuchepetsa mpata umenewu, sukuluyi inayamba mu 2015 kuphunzitsa ukatswiri wa family medicine, ndipo chipatala cha boma cha Mangochi chinakhala malo ophunzirira. Dotolo wotere amakonzekeretsedwa kugwira ntchito pa chipatala cha boma: kuchita opaleshoni ya mayi wolephera kubereka, kuona ana ndi akuluakulu, komanso kulangiza ma clinical officer ndi anamwino, amene ndiwo asenza ntchito yaikulu m'maboma. Maphunzirowa tsopano ali pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba mu 2021 College of Medicine itaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing.

Mbali yotsala ili m'manja mwa unduna, nthambi yoona za antchito a boma ndi khonsolo. Katswiri akamaliza maphunziro amafuna malo a ntchito ovomerezeka pa giredi yoyenera, nyumba, ndi chipinda cha opaleshoni chokhala ndi magetsi ndi magazi. Zimenezi zikasowa, Mangochi adzapitiriza kuphunzitsa madotolo amene adzakatumikire kwina. Khonsolo nayo ili ndi mpata wopempha kuti wofufuza aliyense azibweretsa zotsatira zake ku komiti yoyendetsa boma, ndiponso kutchula mitu imene anthu a m'bomali akufuna kuti ifufuzidwe pamene ndondomeko ya zaumoyo ya chaka ikukonzedwa.