Za pa Khonde: Kukayika kwa pa Kaunjika

Mwezi wathawu, Loweruka lina dzuwa litapendeka, ndinali pa khonde kuchonga makope a ana a Sitandade 6 pamene panafika mlendo amene sindinamuzindikire msanga chifukwa cha ndevu. Anali mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira pensulo, ndipo tsopano ali m'chaka chachitatu ku sukulu ya ukachenjede. Sanabwere mwa kufuna kwake. Anamutuma ndi amayi ake, mmodzi wa amayi a Chigwirizano, amene anandipeza Lamulungu misozi ili m'maso, nati mwana wawo wakana tchalitchi, ndipo pa nthawi ya chakudya amangoyang'ana nsima ena akupemphera. Sindinawafunse kuti iwo anaziona bwanji zimenezo maso awo ali otseka.

Mnyamatayu ulemu sanautaye. Anakana mpando nakhala pa sitepe, ndipo atapereka moni anayamba motere: "Aphunzitsi, musandimve molakwa, koma tsobola wakale sawawa. Zinthu izi zinathandiza makolo athu pamene kunalibe sukulu. Taonani amene amadzaza tchalitchi: amayi, ana ndi anthu osaphunzira. Nanga nkhani ya kuuka kwa akufa, mboni yake yoyamba si mayi amene mutu unasokonezeka ndi chisoni? Ngati Yesu anaukadi, analekeranji kukaonekera kwa Pilato?" Zonsezi anati waziwerenga pa foni, ndipo anazinena ndi nkhope ya munthu amene watola ndalama panjira ena onse osaiona.

Ndinamufunsa kuti, "Mwana wanga, malaya amenewa unagula kuti?" Iye anayang'ana pa chifuwa pake. Ndinati, "Sindikunena awo, ndikunena amene wavala m'mutu. Ndi a pa kaunjika. Mwini wake woyamba anawavala zaka zoposa 1,800 zapitazo, ndipo dzina lake ndi Celsus."

Owerenga ambiri dzinali sanalimvepo, ndipo inenso ndinalipeza ndili wamkulu kale, m'buku la mbiri ya Mpingo limene ndinabwereka kwa abusa. Celsus anali Mgiriki wophunzira kwambiri nzeru za anthu, wa m'masiku a ufumu wa Aroma. Cha m'ma 178 analemba buku lotsutsa Chikhristu, nalitcha dzina lotanthauza Mawu Oona. Sanali munthu wongotukwana ayi. Malemba anawawerenga, ndipo lilime lake linali lakuthwa ngati lumo. Ananena kuti zozizwitsa za Yesu zinali matsenga amene anakawaphunzira ku Egypt. Ananyoza kuti ofalitsa chiphunzitsochi ndi oluka ubweya, osoka nsapato ndi ochapa zovala, amene amanong'oneza amayi ndi ana pamene mwini nyumba palibe. Anafanizira Ayuda ndi Akhristu ndi achule ochita msonkhano m'mbali mwa dambo, odziyesa kuti Mulungu alibe ntchito ina koma kusamala iwo. Anatinso kuukako anakuona ndi mayi wosokonezeka mutu, ndipo anafunsa chifukwa chimene Yesu sanadzionetsere kwa amene anamuweruza. Mnyamata wanga, osadziwa, anali atavala malayawo mpaka batani lomaliza.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene awiriwa akusiyana, ndipo ndicho chimandiseketsa. Mlandu waukulu umene Celsus anaimba Akhristu unali wakuti chipembedzo chawo ndi chatsopano, chadzulodzulo, chotayitsa anthu miyambo ya makolo. Mwana wa sukulu yanga akuchikana chifukwa ndi chakale, cha makolo. Tsono ndikufunsa: kodi Chikhristu chinali pa msinkhu woyenera chaka chiti? Chikuoneka ngati nthochi ya munthu wosafuna nthochi, imene m'mawa ati ndi yaiwisi, madzulo ati yaola, ndipo nthawi imene inapsa bwino iye anali atatembenukira kumbali.

Koma chodabwitsa chenicheni ndi ichi. Buku la Celsus linatayika. Palibe nyumba yosungira mabuku pa dziko lapansi imene ili nalo palokha. Nanga tikudziwa bwanji zimene analemba? Tikuzidziwa chifukwa cha Mkhristu wina, Origen, mwana wa ku Alexandria ku Egypt, kuno ku Africa, amene cha m'ma 248 analemba mabuku 8 omuyankha. Origen poyamba sanafune, poganiza kuti yankho loposa ndi kukhala chete monga anachitira Ambuye pamaso pa owaneneza, koma bwenzi lake Ambrose anamuumiriza. Ndipo atayamba, sanachite zimene timachita ife pa mikangano ya m'mudzi, zopotoza mawu a mnzathu kuti asavute kugwetsa. Iye ankalemba ndime ya Celsus monga inalili, kenaka yankho lake pansi, ndime ina, yankho lina, kufikira gawo lalikulu la bukulo linalowa m'buku lake. Akhristu anakopera zonsezi ndi manja mibadwo ndi mibadwo. Motero munthu amene anafuna kukwirira Mpingo akulankhulabe lero chifukwa Mpingo unamusungira mawu ake. Achule aja ndiwo anasamala kope la wowanyoza.

Origen sanalembe zimenezi ali pa mtendere. Bambo ake anadulidwa mutu chifukwa cha chikhulupiriro m'chaka cha 202, ndipo iye mwini anaponyedwa m'ndende nazunzidwa m'chizunzo cha mfumu Decius chimene chinayamba mu 250, namwalira patangopita zaka zochepa. Monga mkulu wa mpingo ndiyenera kunenanso kuti ziphunzitso zake zina Mpingo unadzazikana pambuyo pake, ndipo sindikumuika pa gome limodzi ndi Katekisimu. Koma mantha ndi mafunso analibe.

Apa mnyamata uja anandigwira, ndipo ndinakondwa, pakuti mphunzitsi amakondwa akagwidwa ndi mwana wake. Anati, "Aphunzitsi, ngati ukale suchititsa chikhulupiriro kukhala chabodza, suchititsanso kukayika kukhala kwabodza." Ananena zoona. Malaya a pa kaunjika ena ndi olimba kuposa a m'sitolo. Choncho ndinayenera kuwayesa nsalu yake.

Za amayi ndi ana odzaza tchalitchi, ndinamutuma kuti mawa mamawa akaime pa mjigo aone amene ali pa mzere. Adzapeza amayi ndi ana, ndipo madigiri pamenepo ndi osowa. Kodi adzabwerako ndi nzeru yakuti madzi ndi bodza? Adzangodziwa amene amasenza ludzu la banja lonse pamutu. Paulo sanabise zimenezi. Pa 1 Akorinto 1:26-29 anavomera yekha, Celsus asanabadwe, kuti mu mpingo anzeru ndi omveka sanali ambiri, nachiyesa chinthu chonyadira. Chiphunzitso chimene chikanafuna digiri kuti munthu apulumuke chikanatsekera kunja pafupifupi anthu onse amene anakhalapo pa dziko, kuphatikizapo agogo a mnyamatayu. Koma ichi gogo wosadziwa kulemba dzina lake amachigwira, ndipo Origen anakalamba akuchisanthula osafika pansi pake.

Pa nkhani ya Mariya wa Magadala ndinachedwapo, chifukwa pamenepa chida cha Celsus chimatembenukira mwini wake. Josephus, Myuda wolemba mbiri wa m'zaka zomwezo za atumwi, akutiuza kuti umboni wa akazi sunkayenera kulandiridwa pa mlandu. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la a nyakwawa akudziwa mmene wabodza amasankhira mboni: amafuna munthu wa ulemu wake, amene akatsokomola bwalo limakhala chete. Ophunzira akanakhala kuti akupeka nkhani, akanaika pa manda paja Petro, kapena Nikodemo, mkulu wa Ayuda. M'malo mwake Mauthenga onse anayi akuika akazi patsogolo, amuna ali kwina ndi mantha awo, ndipo Luka 24:11 akuwonjeza kuti atumwiwo anayesa mawu a akaziwo nkhani zopanda pake. Ana a sukulu ndawamva akunama zaka zoposa makumi atatu, koma sindinamvepo bodza limene mwini wake amadziikamo kukhala wamantha ndi wopusa. Nkhani yotere munthu amaifotokoza motero chifukwa ndi mmene inachitikira.

Za Pilato ndinangomukumbutsa Yohane 12:10. Ansembe aakulu anali ndi Lazaro wamoyo pamaso pawo, ndipo nzeru imene anaipeza inali yakuti amuphe. Maso amaona, koma wolamula ndi mtima. Komanso si zoona kuti Ambuye anaonekera kwa abwenzi okha. Saulo anali pa ulendo wokamanga Akhristu.

Makolo anzanga, mwana akabwera ndi mafunso otere musathamangire kunena kuti walodzedwa kapena sukulu yamuononga. Tikamukalipira amaganiza kuti tilibe yankho, ndipo amapita kwa foni, imene siikalipa. Mpingo umene unakopera mawu a Celsus ndi manja ake ungathe kumvetsera mwana wake mpaka amalize.

Dzuwa linali litalowa, ndipo ndinayesa kuti tamaliza. Mnyamata anaimirira, nakhalanso pansi. Ndi mawu otsika anandiuza za mnzake wogona naye chipinda chimodzi, wa ku Chilobwe mu Blantyre, amene mu Malichi 2023 matope a namondwe Freddy anamutengera amayi ake ndi alongo ake awiri usiku umodzi. Anali banja lopemphera. "Aphunzitsi, Mulungu anali kuti?"

Limeneli silinali la pa foni, ndipo nthabwala zanga zonse zinandithawa. Ndinaika cholembera chofiira pansi. Ndinamuuza kuti funsolo lili m'Buku Lopatulika momwemo, lofunsidwa ndi anthu okhulupirira, ndi kuti Mwana wa Mulungu analifuula ali pa mtanda. Tinapangana kuti Loweruka likudzali tidzawerenge pamodzi Yobu ndi Salimo 88, limene limatha mu mdima popanda mawu otonthoza. Anapempha kuti abwere ndi mnzakeyo ngati avomera. Buku la abusa lija anapita nalo, ndipo amayi ake ndawauza kuti asamufunse kanthu pakali pano, angomuikira madzi osamba ndi nsima monga kale.