Kwina bakha wosema ndi $1.13 miliyoni, kuno mtondo wa agogo tikusonkhera moto

Mu 2007, ku America, munthu wina adatulutsa $1.13 miliyoni kugula bakha wosema, woti sangaikire dzira kapena kulowa mumphika. Ndalama imeneyo lero ndi yoposa K1 biliyoni, ngakhale mutawerengera pa mtengo wa kubanki. Tsekwe wosemedwa ndi munthu yemweyo adagulidwanso ndalama yomweyo. Mmisiri wake anali A. Elmer Crowell wa ku East Harwich, m'chigawo cha Massachusetts, yemwe adamwalira mu 1952.

Ndikudziwa zomwe mukunena uko mukuwerenga pafoni: azungu ndalama zikawachulukira amasowa nazo chochita. Mwina. Koma tamvani kaye mmene bakhayo adafikira pamenepo, chifukwa nkhani yake ikukhudza zinthu zomwe zili kuseri kwa nyumba zathu kuno ku Mwanza.

Abakha amenewa poyamba sanali okongoletsera nyumba. Anali nyambo. Mlenje ankasema abakha angapo, kuwapaka utoto, kuwaika mtovu kunsi kuti asagudubuke, kenako n'kuwamangirira chingwe kuti aziyandama pamadzi iye atabisala m'mabango ndi mfuti. Abakha enieni akamauluka ankaona ngati anzawo apeza malo abwino, basi n'kutera. Luso lake ndi lakale zedi: mu 1924, m'phanga la Lovelock ku Nevada mudapezeka abakha olukidwa ndi bango omwe eni dzikolo adapanga zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Kenako mu 1918 boma la America lidakhazikitsa lamulo loteteza mbalame zoyendayenda, malonda a nyama ya abakha a kutchire n'kutha. Nkhondo yachiwiri itatha kudabwera nyambo zapulasitiki, zopepuka ndiponso zotchipa. Zosema zija zidasanduka zinyalala, zina anthu n'kumasonkhera moto.

Simukuona kufanana? Chigayo chidapha mtondo. Chipande chosema chikugonja kwa cha pulasitiki cha pamsika. Mpando wosema womwe ankakhalira agogo aamuna pabwalo lero ndi pogona nkhuku.

Chidasiyanitsa n'chakuti kumeneko kudapezeka anthu ochepa omwe adayamba kutola nyambo zija n'kumafunsa mafunso. Mmodzi mwa iwo, Joel Barber, adatulutsa buku la Wild Fowl Decoys mu 1934. Iwo ankafuna kudziwa yemwe adasema bakha aliyense, kwawo, mtengo womwe adagwiritsa ntchito ndi madzi omwe bakhayo ankayandamapo. Crowell naye anali ndi chizolowezi chowotcha chidindo cha dzina lake kunsi kwa zomwe wasema. Abale awiri, Lem ndi Steve Ward a ku Crisfield, ntchito yawo inali yometa tsitsi, koma lero aliyense wotolera nyambozi amawadziwa ndi mayina. Bakha wopanda mwini wodziwika nthawi zambiri amagulidwa motchipa. Wa Crowell adakwera chonchija chifukwa wogula ankadziwa dzanja lomwe lidamusema.

Apa ndi pomwe pandipweteka. Ife amisiri tili nawo, ndipo tidali nawo kuyambira kale, koma mayina awo sitisunga. Tayesani kufunsa pamudzi kwa Kanduku, kwa Nthache kapena ku Thambani kuti mtondo uli pakhomopo adasema ndani. Akakhalapo agogo akuuzani dzina, mudzi, ngakhale nkhuku zomwe adalipira. Agogowo akangotsikira kulichete, mtondo uja umatsala chikuni basi. Chiswe chimadya thupi lake, ife tidataya kale mbiri yake.

Ndipo Mwanza si malo wamba pa nkhaniyi. Ndife chipata. Msewu wa M6 umatulutsa katundu kudzera pa Zobue, ku Tete, mpaka ku Zimbabwe ndi ku Johannesburg, ndipo ziboliboli za Amalawi zakhala zikudutsa pamenepa kwa zaka zambiri, zokutidwa m'matumba pamwamba pa mabasi ndi m'mathiraki. Mipando ya mafumu, mabawo, njovu, mvuu. Zikafika uko zimangotchedwa za ku Africa, ngati Africa ndi mudzi umodzi. Yemwe adatuluka matuza ndi nsompho satchulidwa. Woyamba kugula amamupatsa yochepa, wa sitolo ku Joni n'kudyerapo kangapo, ndipo wogula akafuna china cha mmisiri yemweyo alibe pomupezera.

Tsono zatsopano zili apo, mmisiri akhoza kusemanso china mawa. Zakale ndiye zikapita zapita. Mitondo ndi ng'oma zakale zidasemedwa pa mitengo ikuluikulu yachilengedwe, yomwe lero mukaifuna muyenda mpaka mapazi kutupa. Aliyense woyenda pakati pa Mwanza ndi Zalewa amaona matumba a makala m'mbali mwa msewu, ndipo akudziwa komwe mlombwa ndi mbawa zidalowera. Mtondo wa agogo ukhoza kukhala umboni wotsiriza wa mtengo womwe udali paphiri lomwe lero ndi mbee.

Wina anena kuti njala siidziwa mbiri. Zoona. Munthu akabwera ndi ndalama m'mwezi wa February, ufa utatha, n'kuloza mpando wakale, ine sindingaime pakhomo n'kumaletsa. Mpando sadya nsima, ana amadya. Chomwe ndikukana ndi kugulitsa mwaumbuli. Wogula zakale sabwera chifukwa chokumverani chisoni. Akudziwa komwe akazigulitse ndi mtengo wake, inu simukudziwa. Ndipo akanyamula chinthucho popanda dzina la wosema, nonse mwaluza, kungoti inu mwaluza kwambiri. Dziwaninso kuti dziko lino lili ndi lamulo la Monuments and Relics Act, loteteza zinthu zakale, ndipo kutulutsa zoterezi m'dziko popanda chilolezo kukhoza kukuikani m'madzi otentha pachipata pomwepa.

Palinso zina zoti sizigulitsidwa n'komwe. Zigoba za gule wamkulu si katundu wa mnyamata mmodzi woti akasinthanitse ndi foni. Zili ndi eni ake kudambwe, ndipo gule yemweyu bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse. Wofuna kuona mmene zoterezi zimasungidwira mwaulemu apite ku Mua, m'boma la Dedza, komwe Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Ku Chamare Museum kumeneko kuli zigoba mazanamazana, chilichonse ndi dzina lake komanso tanthauzo lake. Ntchito yofunsa ndi kulemba yomwe Barber adachitira abakha, ku Mua adaichitira gule, ndipo alendo amalipira kuti akaone.

Nanga ife achinyamata tichitepo chiyani? Chida chili m'manja mwanumo. Foni yomwe timathera nayo bandulo pa TikTok ikhoza kugwira ntchito imeneyi madzulo amodzi. Jambulani chinthucho mbali zonse, ndi kunsi komwe. Kenako khalani pansi ndi agogo, tsegulani chojambulira mawu, muwafunse mwaulemu: “Agogo, mtondo uwu adasema ndani? Anali a mudzi uti? Ndi mtengo wanji?” Chaka mwina sachitchula m'manambala, koma akuuzani kuti udabwera mayi anu asadabadwe, kapena nthawi yomwe anthu othawa nkhondo ku Mozambique adadzaza kuno m'zaka za m'ma 1980. Zimenezo n'zokwanira kupezera nthawi yake. Lembani papepala, musunge pamodzi ndi chinthucho, mawu aja mutumizenso pagulu la banja pa WhatsApp kuti foni ikabedwa asapite nayo limodzi.

Kenako chichotseni padothi. Chinyezi ndi chiswe ndiwo adani ake. Ndipo chonde, musachipale ndi sandipepa kapena kuchipaka vanishi kuti chiwale. Otolera abakha aja amalipira ndalama zambiri pa bakha yemwe ali ndi utoto wake woyamba, ngakhale wosupukasupuka, kusiyana ndi wopakidwanso. Kusalala kwa munsi pomwe pankagwira manja a agogo ndi mbali ya mbiri yake.

Sindikukulonjezani mabiliyoni, aise. Mtondo wa kwanu mwina sudzagulidwa ndi wina aliyense, ndipo zili bwino choncho. Ku America komweko abakha ofika pa miliyoni ndi owerengeka. Koma mbiri yolembedwa imakutetezani kwa akamberembere a mbali zonse. Pamsika wa ziboliboli pali ena omwe amasema chinthu lero, kuchifukiza utsi, kuchipaka polishi wa nsapato, kuchikwirira m'dothi masabata angapo, n'kumati n'cha makolo. Chinyengo chotere chimagwetsa mtengo wa zenizeni zomwe. Banja lokhala ndi chithunzi, mawu a agogo ndi dzina la mmisiri lili ndi chomwe wachinyengo sangaseme.

Khonsolo ya Mwanza nayo isamangotamandika ndi manachesi. Chipinda chimodzi paboma, chokhala ndi mitondo, ng'oma, mipando ndi mabawo zobwerekedwa kumabanja, chilichonse ndi kapepala ka dzina la wosema ndi mudzi wake, sichingadye ndalama zambiri. Ana asukulu akhoza kumaona zinthuzi osadikira ulendo wa ku Chichiri Museum ku Blantyre, ndipo apaulendo omwe amathera maola akudikira mapepala pachipata angapeze kolowera.

Kwa amisiri omwe mukusema lero, achimwene, pempho langa ndi laling'ono. Musadaike chiboliboli m'thumba la wogula, tenthetsani msomali pamoto, mulembe kunsi kwake dzina lanu, mudzi wanu ndi chaka. Malo akatsala, onjezanipo nambala ya foni.